Musanakalipire kompyuta, onaninso miyezo yanu

Ambiri mwa inu mwayamba kujambula mapulani a nyumba pa kompyuta. Ena mukugwiritsa ntchito Sweet Home 3D kapena LibreCAD, omwe ndi aulere, ena SketchUp kapena AutoCAD. Zikasokonekera, dandaulo limakhala lomwe lija: "Pulogalamuyi ndi yabodza, aphunzitsi." Ine maganizo anga ndi akuti nthawi zambiri pulogalamu imakhala ilibe mlandu. Chimene chavuta ndi phunziro loyambirira lenileni la fizikisi, la kuyeza ndi mayunitsi.

Tiyeni titenge chitseko cha mamilimita 900 m'lifupi. Mukalemba 900 pomwe pulogalamu inatcheredwa pa mainchi, iyo siifunsa ayi, imangojambula. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndiye chitseko chanu chatuluka cha mamita 22.86. Basi nyumba yonse yasanduka bwalo la mpira. Choncho musanajambule mzere ndi umodzi womwe, onani mayunitsi. Mu AutoCAD lembani UNITS. Mukalandira fayilo kwa mnzanu, yezani kaye chinthu chimene mukuchidziwa kukula kwake, monga chitseko chomwecho.

Musaganize kuti izi zimagwera ongoyamba kumene okha. Mu 1999 bungwe la NASA linataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina limawerengera mphamvu m'mapaundi pomwe lina limayembekezera manyutoni. Anali akatswiri okhaokha amenewo.

Komanso cholakwa cha muyezo chimakula. Mukasokoneza masentimita ndi mamilimita, utali walakwika ka 10, malo apansi ka 100, ndipo voliyumu ka 1,000. Tsopano ganizirani bambo anu akugula simenti kapena matailosi potengera manambala amenewo.

Vuto lachiwiri ndi makoma okana kutseka. Mu SketchUp mwajambula mizere inayi koma nkhope yake siikubwera. Kawirikawiri zifukwa zimakhala ziwiri: pali kampata pakona kamene maso sakukaona, kapena kona imodzi yakwera pang'ono, siili pamtunda umodzi ndi zinzake. Yandikitsani chithunzi pakona iliyonse. Njira ina ndi kujambula mzere wodutsa pakati kuchoka kona ina kufika ina. Makona atatu nthawi zonse amakhala pamtunda umodzi, ndiye mbali zonse ziwiri zikadzaza, mwadziwa kuti kona ina inakwera. Mbali imodzi ikakana, mpata uli kumeneko.

Lachitatu ndi posindikiza. Pa sikelo ya 1:100, sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pamalo. Mukadina Fit to page, sikelo ija yafa. Sindikizani pa 100%, kenako muyeze ndi rula: khoma la mamita 4 lituluke masentimita 4.

Wina anena kuti zonsezi zili pa YouTube, n'kuvutikiranji kumvetsa? Zoona, mavidiyo amathandiza, onerani ndithu. Koma vidiyo imakuuzani podina pa vuto la munthu wina. Mawa likabwera lanulanu, lopanda vidiyo, chokupulumutsani ndi chimene timachita mu labu: sinthani chinthu chimodzi, onani zotsatira, kenako china. Ndipo sungani ntchito yanu pafupipafupi m'mafayilo a maina osiyana, chifukwa magetsi akamathima sachenjeza.

Chomaliza ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri. Mapulogalamu ojambulirawa amajambula basi, sawerengera kulemera. Mukhoza kuika denga pa mtanda woonda ngati bango, pa sikirini n'kumaoneka bwinobwino. Mphamvu yokokera zinthu pansi ndi mphepo ya mkuntho sizisamala za kukongola kwa chithunzi. Pulani imene anthu akagonemo idutse kaye m'manja mwa katswiri wa mapulani kapena injiniya.

Ndiye ntchito ya sabata ino nayi: tengani tepi, yezani chipinda chimene mumagona, lembani miyezo papepala ndi mayunitsi ake, kenako muchijambule pa kompyuta. Mukasindikiza, rula ikuuzani ngati mwakhoza.