Tageti ya bwana ndiyo ikupha magiyabokosi pa Liwonde

Aliyense amene amakwera galimoto pa Liwonde kupita ku Ntaja, ku Ulongwe kapena ku Balaka akudziwa momwe Sienta imanyamukira pasiteji. Kutsogolo kwapanikizana anthu atatu ndi dalaivala, pakati anayi, kumbuyo atatu, ndipo chitseko chakumbuyo achimanga ndi chingwe chifukwa matumba a mpunga ndi madengu a nsomba akana kulowa. Pakatha miyezi ingapo galimoto yomweyo imapezeka pagalaja, injini ikulira bwinobwino koma matayala osasuntha. Makaniko akanunkhiza oyilo, mlandu umathera pomwepo: giyabokosi yapsa.

Eni galimoto ambiri akafika apa amafunsa ngati pali njira yolimbitsira giyabokosi ya otomatiki kuti izipirira katundu wolemera komanso injini yamphamvu. Njira zilipo, ndipo zina n'zotsika mtengo. Koma palibe imene ingathandize ngati mwini galimoto akulamulabe dalaivala kubweretsa ndalama yomwe singapezeke popanda kulongedza mopyola muyeso.

Nkhani imayambira pa mphamvu yomwe injini imapotokolera shafuti, imene amakaniko amaitcha torque. Injini ya 1NZ ya malita 1.5, yomwe ili mu Sienta yakale ndi mu Probox, imatulutsa torque pafupifupi 140 Nm, ndipo giyabokosi yake adaipangira mphamvu yomweyo ndi katundu wamuyeso. Ku Japan amawerengera munthu mmodzi pa makilogalamu 55, kotero Sienta ya anthu asanu ndi awiri idayesedwa pa makilogalamu 385. Probox yonyamula katundu amailola makilogalamu 400, omwe ndi matumba asanu ndi atatu a chimanga. Tsono anthu khumi a makilogalamu 65 aliyense, kuphatikizapo matumba atatu, ndi makilogalamu 800. Galimoto yasenza kawiri zomwe idapangidwira, ndipo dalaivala amakhala atapondereza mafuta nthawi yaitali kuti ingosuntha.

Mu giyabokosi ya otomatiki, mphamvu ya injini imadutsa kaye mu oyilo, m'chipangizo chozungulira chotchedwa torque converter. Galimoto ikamanyamuka yolemedwa kapena ikamakwera chitunda pang'onopang'ono, oyilo uja amavundulidwa kwambiri ndipo amatentha. Oyilo amagwira bwino ntchito akakhala pa madigiri 80 kapena pafupi pamenepo. Akamapitirira 120 amayamba kupsa, amapyapyala, ndipo timbale ta kalachi ta m'kati timayamba kuterereka ndi kunyenyeka. Msewu wochoka pa Liwonde kukwera ku boma la Machinga, komanso zitunda za njira ya ku Nsanama ndi Ntaja, ndi malo omwe izi zimachitikira tsiku ndi tsiku. Msewu wa Liwonde kupita ku Balaka mpaka pa Chingeni ulibe mapiri otere, koma dzuwa la October ndi November kumeneko limapitirira madigiri 35, ndipo kuimaima pa siteji iliyonse kumatenthetsa oyilo chimodzimodzi.

Munthu asanaononge ndalama ayenera kudziwa mtundu wa giyabokosi yomwe ali nayo. Probox yakale, yomwe idayamba kutuluka mu 2002, ili ndi giyabokosi ya magiya anayi yokhala ndi timbale ta kalachi. Kuyambira 2014 Probox idasinthira ku CVT. Sienta zambiri, Honda Freed ndi Nissan Note nazo ndi za CVT, yomwe m'malo mwa magiya ili ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Giyabokosi ya magiya anayi ingathe kulimbitsidwa ndithu: makaniko wodziwa amaikamo timbale tatsopano tolimba, amasintha marabala onse otsekera oyilo, amatsuka bokosi la mavavu, ndipo nthawi zina amakweza pang'ono puleshala ya oyilo kuti timbale tizigwirana mwamphamvu. CVT njosiyana. Lamba akangoterereka kamodzi n'kukanda mapule, chilondacho sichipola, ndipo pagalaja wamba palibe chomwe angawonjezere kuti lambayo anyamule zoposa muyeso wake. Amene akulonjeza kulimbitsa CVT kuti izinyamula matumba khumi akungofuna ndalama ya mwini galimoto.

Chinthu choyamba choyenera kugula, pa mitundu yonse iwiri, ndi choziziritsira oyilo chapadera, kaja kamaoneka ngati radiyeta yaing'ono. Chimamangidwa kutsogolo kwa radiyeta, pomwe mphepo imawomba, ndipo oyilo amadutsamo asanabwerere mu giyabokosi. Mtengo wake pamodzi ndi mapaipi ndi ntchito ya makaniko ndi kachigawo kochepa chabe ka mtengo wa giyabokosi ina. N'zodabwitsa kuti galimoto zambiri za pasiteji zili ndi masipika atsopano ndi marimu onyezimira koma zilibe kachipangizo aka. Pomanga, makaniko aonetsetse kuti mapaipi sakukhudza chitsulo chotentha kapena chakuthwa, chifukwa paipi ikaphulika pamsewu oyilo yense amatha m'mphindi zochepa.

Chachiwiri ndi oyilo woyenera. Pamsika pamapezeka mabotolo ambiri olembedwa ATF, ndipo wogulitsa ena amanena kuti onse ndi amodzi. Si zoona. Toyota ili ndi T-IV ndi WS wa magiyabokosi a timbale, komanso TC ndi FE wa CVT. Nissan ili ndi NS-2, wobiriwira uja, ndi NS-3. Kuthira ATF wamba mu CVT kumatereretsa lamba, ndipo kuthira oyilo wolimba pofuna kubisa kuterereka kumangochedwetsa maliro ndi masabata ochepa. Oyilo wa m'zigubu zopanda chidindo, woyezedwa ndi botolo m'mbali mwa msewu, sayenera kulowa mu giyabokosi ngakhale atatchipa chotani. Galimoto ya hayala kapena ya taxi izisinthidwa oyilo ndi fyuluta isanadutse makilomita 40,000, ndipo oyilo akada n'kumanunkha ngati chopsereza, tsiku lake lakwana kale.

Chachitatu ndi kayendetsedwe, komwe sikalira ndalama. Pokwera chitunda ndi katundu, dalaivala atsitse giya ku 2 kapena L, kapena azimitse O/D, mmalo mosiya pa D kuti giyabokosi izisinthasintha yokha. Asamaimike galimoto pachitunda popondereza mafuta. Ntchito imeneyo ndi ya mabuleki. Aziima kaye n'kusintha kuchoka pa R kupita pa D. Ikatitimira m'matope nyengo ya dzinja, monga zimachitikira m'misewu yafumbi ya ku Utale kapena yolowera kunyanja ya Chiuta, kuli bwino kutsitsa anthu n'kukankha kusiyana ndi kuiliza injini uku akusintha magiya mwaukali. Matayala aakulu kuposa omwe idabwera nawo amaoneka bwino ndipo amakweza galimoto, koma amawonjezera ntchito pa giyabokosi ulendo uliwonse ikamanyamuka.

Palinso a minibasi ndi timalole amene amasintha injini kuti apeze mphamvu zambiri. Injini ya dizilo ya 5L imatulutsa torque yosafika 200 Nm, pamene 1KD ya tebo imafika pa 300 Nm. Kumanga injini yachiwiriyi pa giyabokosi ya yoyambayo n'kuika ng'ombe yaikulu pa goli la thole. Wosintha injini agule injini, giyabokosi ndi kompyuta yake pamodzi, zochokera m'galimoto imodzi, ndipo akakonzetse mapepala ku Road Traffic popeza nambala ya injini imalembedwa m'bulubuku.

Komabe zonsezi zimabwerera pa tageti. Dalaivala amene wauzidwa kuti madzulo abweretse ndalama yakutiyakuti, mafuta agule yekha, malipiro ake atenge pa zotsala, sangasiye munthu kapena thumba pasiteji. Iye giyabokosi si yake, ndipo ikafa amakafuna galimoto ina. Eni galimoto nawo ali ndi mfundo: mafuta adakwera, matayala adakwera, ndipo galimoto yonyamula anthu asanu ndi mmodzi okha imabweza ndalama mochedwa. Izi n'zoona, koma masamu ake ayenera kufika kumapeto. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo giyabokosi iliyonse yogulitsidwa ku Limbe, ku Ndirande kapena kwa Biwi ku Lilongwe idalowa m'dziko muno ndi ndalama yakunja. Ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo wogula sadziwa makilomita omwe idayenda. Pa mtengo wake awonjezerepo mayendedwe okaitenga, ntchito ya makaniko, oyilo watsopano ndi masabata omwe galimoto yakhala pamiyala osabweretsa kanthu. Ndalama ya anthu atatu owonjezera aja imathera pamenepo, nthawi zina ndi ngongole pamwamba. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ndipo kulongedza kotere sikuononga chitsulo chokha: mabuleki a galimoto yolemedwa kawiri amatentha potsika phiri la Machinga, ndipo m'katimo muli anthu.

Mwini galimoto wanzeru atsitse tageti kufika pomwe dalaivala angaikwanitse ndi katundu wamuyeso, amange choziziritsira, ndipo azisunga kabuku kolembamo makilomita ndi tsiku losintha oyilo. Wochita malonda a mpunga wa ku Chilwa, thonje la ku Balaka kapena simenti, amene amanyamula matumba opitirira khumi pa ulendo, asiye kuzunza Sienta. Asonkhe ndi anzake achite hayala lole yaing'ono, kapena akafuna kugula yake asankhe ya giya yapamanja, yomwe kalachi yake ikatha makaniko wa pa Balaka amaisintha tsiku limodzi.