Za Makina Okalamba Amene Aphunzira Kuyimba

Mwezi uno tikambe za amisiri amene amatola zipangizo zotayidwa za kompyuta ndi kuziphunzitsa nyimbo.

Inu amene munagwira nchito m'maofesi mukumbukira kadisiki kaja kotchedwa floppy, ndi kukokota kwa kabokosi kake pokawerenga. Phokosolo ambiri ankalida; koma tamvani pamene lichokera. M'kabokosimo muli kamota kamene sikazungulira kosalekeza ai, koma kayenda phazi limodzi limodzi pokankha mutu wowerengera, ndipo phazi lililonse limveka ngati kugogoda. Kugogodako kukafulumira, khutu lilephera kukuwerenga, lingomva liwu limodzi. Monga udzudzu ulira mopyapyala pakuti mapiko ake akupiza msanga, pamene bemberezi, wokupiza pang'onopang'ono, alira mwabesi. Kamotako kakaponda mapazi 440 pa sekondi imodzi, lituluka liwu limene oyimba alitcha A. Tsono munthu wodziwa kulamula liwiro lake wapeza kale choyimbira.

M'chaka cha 2008 James Houston, wophunzira wa ku Glasgow, anayimbitsa pulinta yakale pamodzi ndi makina ena nyimbo ya gulu la Radiohead. Koma amene anafika nazo patali ndiye Paweł Zadrożniak wa ku Poland. Iyeyu anayamba mu 2011 ndi timabokosi tiwiri tokha. Mu 2016 tinakwana 64. Ndipo mu 2022 anamanga chilimba chachikulu cha timabokosi 512, ma hard disk 16 ndi masikana 4. Dzina lake ndi Floppotron.

Mufunsa, achulukitsiranji chotere? Pakuti kabokosi kamodzi kayimba liwu limodzi lokha pa nthawi, ndiponso motsitsa ndithu. Kotero mmisiriyo atiika m'magulu monga oyimba a kwaya, ambiri pa liwu limodzi. Akafuna kuti nyimbo ikwere awonjezera oyimbawo, akafuna kuti itsike aletsa ena. Ma hard disk ndiwo ng'oma, pakuti mkono wake umenya pa malire ake, khwa! Masikana, amene alira kuposa onse, kawirikawiri ndiwo atsogolera nyimbo. Ife tiyesa kuti luso lenileni lili pa kugawa mawu kumeneku, si pa kuchuluka kwa zitsulo ai.

Bvuto ndi lakuti oyimba awa sabadwanso. Kampani ya Sony inaleka kupanga madisiki a floppy mu 2011, ndipo timota timatha ndi kuyendayenda. Kamodzi kakafa, kolowa m'malo mwake kayenera kufunidwa pakati pa makompyuta akale amene sanaphwanyidwebe.