Nkhumba zam'tchire za ku Texas ndi mtovu wotsalira m'ndiwo

M'chigawo cha Texas, m'dziko la America, nkhumba zam'tchire zinachuluka mpaka boma la kumeneko linalola anthu kuziwombera ali m'mwamba. M'chaka cha 2011 aphungu a chigawochi anavomereza kuti mlenje wa ndalama zake akhoza kulipira mpando mu helikoputala n'kumazipha ali m'menemo, ndipo kuyambira 2019 munthu safunikanso chiphaso cha ulenje kuti aphe nkhumbazi ngati mwini malo wamulola. Mlimi wa ku Mchinji, Petauke kapena Angónia, yemwe amachezera usiku wonse pamsasa kudikira nguluwe, akhoza kumva nkhani imeneyi ndi kaduka. Ndikumupempha kuti kadukako akasunge kaye.

Nkhumba za ku America zimenezi ndi zobwera. Zoyamba zinafika pamtunda wa dzikolo ndi Hernando de Soto wa ku Spain m'chaka cha 1539, ndipo zina zinathawa m'makola n'kuzolowera tchire. Patapita zaka mazana angapo, anthu okonda ulenje anaitanitsa nguluwe za ku Ulaya, zomwe zinakwerana ndi zothawa zija. Unduna wa zamalimidwe wa dzikolo umati tsopano zilipo zoposa 6 miliyoni m'zigawo zosachepera 35, ndipo kwa zaka zambiri unkawerengera kuti zimawonongetsa ndalama zosachepera madola 1.5 biliyoni pachaka. Zimafukula chimanga chongobzalidwa kumene, mtedza ndi msipu, monga momwe nguluwe imachitira ndi chinangwa ndi mbatata kuno kwathu.

Pakati pa alenje a kumeneko pali gulu lina lomwe limanyadira kudziumbira lokha zipolopolo. Kwa iwo ndi luso ndiponso chisangalalo cha kumapeto a sabata. Amatolera mtovu wakale, makamaka timiyala tija amakanikiza pa marimu a galimoto kuti tayala lisamagwedezeke, n'kuusungunula mu mphika wamagetsi, kenako n'kuuthira m'chikombole chachitsulo. Chifukwa chomwe amapereka n'chomveka. Nkhumba yamphongo yokhwima imakhala ndi chikopa chochindikala ndi cholimba pamapewa, ndipo chipolopolo cholemera, cha mtovu wosakaniza ndi zitsulo zina zouumitsa, chimaboola n'kulowa mkati osaphwanyika msanga. Ambiri amakonda mfuti za mtundu wakale, monga ija yotchedwa .45-70 yomwe inayamba kupangidwa m'chaka cha 1873. Amatinso n'kotchipa poyerekeza ndi kugula zipolopolo m'sitolo.

Funso loyamba la mlimi n'lakuti, kodi kuwombera konseku kwachepetsa nkhumba? Sikunachepetse. Nkhumba imakhala ndi bere kwa masiku pafupifupi 114, imaswa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo chakudya chikakhalapo imatha kuswa kawiri pachaka. Akatswiri a ku Texas anawerengera kuti pofuna kuti chiwerengero chingoima pamodzi, pafunika kupha nkhumba ziwiri mwa zitatu zilizonse chaka ndi chaka. Zomwe anthu amapha sizifika ngakhale theka la mlingo umenewo. Komanso mlenje akawombera imodzi pagulu la nkhumba 20, zotsalazo zimabalalika, zimachenjera, n'kuyamba kuyenda usiku wokhawokha. Ndipo nyama ikasanduka chosangalatsa, sipalephera kupezeka anthu oinyamula pagalimoto mwachinsinsi kukaitaya kudera kumene kunalibe, kuti nawonso azisaka pafupi ndi kwawo. N'chifukwa chake chigawo cha Missouri m'chaka cha 2016 chinaletsa kusaka nkhumbazi m'malo omwe nthambi yake yosamalira zachilengedwe imayang'anira. M'malo mwa alenje, ogwira ntchito za boma amatchera makola akuluakulu a waya, amanyengerera nkhumba ndi chimanga kwa masiku angapo, ndipo amatseka chitseko pokhapokha gulu lonse litalowa.

Kwa ine, nkhani yaikulu koposa ili pa zomwe chipolopolo chimasiya m'nyama, ndipo pano ndichedwapo pang'ono.

M'chaka cha 2008 dokotala wina wa ku North Dakota, William Cornatzer, anaunika ndi makina a kuchipatala nyama yogaya ya agwape yomwe alenje anapereka kwa mabanja osauka. M'mapaketi ambiri anapezamo tizidutswa ta mtovu. Chaka chomwecho bungwe la zaumoyo la CDC linayeza magazi a anthu oposa 700 m'chigawocho, ndipo linapeza kuti odya nyama yakutchire anali ndi mtovu wochulukirapo m'magazi kuposa osadya. Nayo nthambi ya zachilengedwe ya ku Minnesota inayesa zipolopolo zosiyanasiyana pa mitembo ya nkhosa n'kupeza kuti zina zimamwaza tizidutswa mpaka masentimita 45 kuchokera pomwe zadutsa. Tizidutswa timeneti n'tating'ono kwambiri moti diso silingatione, ndipo dzino silingatimve potafuna. Anapezanso kuti kutsuka bala ndi madzi kumangofalitsa mtovuwo m'malo mouchotsa. Ofufuza ena, mu lipoti lawo la 2009, anadyetsa nkhumba zoweta nyama yotereyi, ndipo pasanathe masiku awiri mtovu unali utakwera m'magazi a nkhumbazo. Moto wophikira suuthetsa mtovu, ndipo kafukufuku wa ku Spain anaonetsa kuti kuphika nyama ndi zowawasa monga viniga kumausungunula, n'kuuchititsa kulowa m'thupi mosavuta.

Tiwachitire chilungamo oumba zipolopolo aja. Chipolopolo cholimba, cholemera ndi choyenda pang'onopang'ono sichiphwanyika kwambiri ngati cha mfuti yamakono yothamangitsa. Ofufuza a ku Minnesota aja anaona zomwezo pa mfuti zothirira onga kukamwa. Koma kuchepa sikutanthauza kusowa, makamaka chipolopolo chikagunda fupa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena mosapsatira kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi womwe umadziwika kuti ndi wosavulaza. Mwana wamng'ono amayamwa mtovu womwe wameza kanayi kapena kasanu kuposa munthu wamkulu, ndipo umakawononga ubongo womwe ukukula. Mwana wotere nthawi zambiri sagona pamphasa kuti makolo adziwe kuti wadwala. Amangochedwa kugwira zinthu m'kalasi, aphunzitsi n'kumati ndi waulesi. Kwa mayi, mtovu umabisala m'mafupa kwa zaka zambiri, ndipo akakhala woyembekezera umatuluka n'kulowa m'magazi, n'kufika kwa mwana ali m'mimba.

Maboma ena anachitapo kanthu. America inaletsa mtovu posaka abakha ndi atsekwe am'madzi m'chaka cha 1991. Chigawo cha California chinaletsa zipolopolo za mtovu pa ulenje wamtundu uliwonse kuyambira pa 1 July 2019, makamaka pofuna kupulumutsa chimbalame chodya zakufa chotchedwa condor, chomwe chinatsala pang'ono kutheratu. Dziko la Denmark linachita zofanana pa zipolopolo za mfuti zazikulu m'chaka cha 2024. Alenje a m'madera amenewa akugwiritsa ntchito zipolopolo za mkuwa, ndipo nyama akuphabe.

Nanga ife izi zikutikhudza pati? Choyamba tisiyanitse. Nguluwe ndi njiri za kuno ndi nyama zachilengedwe za m'dera lathu, zomwe zinalipo makolo athu asanayambe kulima, ndipo malamulo amaziteteza. Ku Malawi lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa m'chaka cha 2017, ku Zambia kuli lamulo la 2015, ndipo m'maiko onse awiriwa kusunga mfuti popanda chiphaso ndi mlandu, ngakhale itakhala yosula kumudzi. Zomwe amachita ku Texas munthu akazichita m'mphepete mwa Kasungu kapena m'chigwa cha Luangwa akhoza kukagona kundende. Komabe alangizi mukudziwa bwino kuti gogodela alipo m'midzi yambiri yoyandikana ndi nkhalango, obisidwa m'madenga ndi m'nkhokwe, ndipo nyengo ya chimanga chachiwisi amalira usiku. Kunamizira kuti kulibe sikuthandiza mwana yemwe adye msuzi wa nyamayo mawa lake.

Mwini gogodela alibe mphika wamagetsi. Ena amadula tizitsulo, koma ena amaswa batire yakutha ya galimoto kapena ya sola n'kusungunula mtovu wake pambaula, m'chitini kapena m'kapoto kakale, pakhonde pomwe ana amasewera. Apa ndiye pali ngozi yoposa ya m'nyama ija. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, koma moto wamakala suyezedwa, ndipo ukapyola utsi wa mtovu umachuluka. Batire ikaswedwa imatulutsa asidi ndi phala lomwe likauma limasanduka fumbi, ndipo fumbi limenelo silivunda. Limakhala m'dothi la pabwalo chaka ndi chaka, mwana wokwawa n'kumalitola ndi zala. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 chifukwa anthu a m'deralo ankaswa mabatire ndi kusefa dothi lake m'makomo mwawo. Kunoko sitisowa chitsanzo. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa m'chaka cha 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Ndipo popeza magetsi a sola afalikira m'midzi, mabatire akutha nawonso achuluka pakhomo paliponse.

Miimba nayo ili m'gulu la odya nawo. Mlenje akatumbula nyama kutchire n'kusiya matumbo ndi mapapo, kapena nyama ikathawa ndi bala n'kukafera patali, miimba imameza mtovuwo. Kafukufuku wa ku Botswana wofalitsidwa m'chaka cha 2018 anayeza miimba yoposa 500, ndipo pafupifupi umodzi mwa itatu iliyonse unali ndi mtovu wokwera m'magazi, makamaka m'nyengo ndi m'madera a ulenje. Ambiri sitiikonda mbalame imeneyi, koma woweta ng'ombe aganizire za mitembo ya ziweto yomwe ingamaolere kudambo kwa masabata miimba itatha.

Woweta nkhumba ali ndi chifukwa chake chapadera chopewera kubweretsa njiri pakhomo. Kachilombo ka chigodola cha nkhumba kamakhala mwa njiri ndi mwa nkhufi za m'mauna mwake popanda kuidwalitsa njiriyo, ndipo nguluwe nayo imatha kukhala nako osaoneka kudwala. Nkhufi zikabwera pamodzi ndi nyama yophedwayo n'kukhazikika m'ming'alu ya khola, zimasunga kachilomboko kwa zaka. Chigodola chilibe mankhwala ochiza, ndipo chikalowa m'mudzi chimatha kusesa makola onse pa masabata ochepa. Phindu la mwendo umodzi wa njiri n'lochepa kwambiri poliyerekeza ndi khola la nkhumba zisanu ndi zitatu zomwe zimayenera kulipirira ana sukulu.

Ndikudziwa kuti mlimi yemwe chinangwa chake chafukulidwa usiku umodzi safuna kumva za miimba. Ali ndi ufulu wokwiya, ndipo ali ndi ufulu wothandizidwa. Mipanda yamagetsi yozungulira malo ngati Majete ndi Liwonde yathandiza kwambiri pa njovu, koma nguluwe ndi nyama yokumba, ndipo mpanda wosayenderedwa imadutsa pansi pake. Pempho langa kwa makomiti a m'midzi n'lakuti muzilemba. Lembani tsiku, dzina la mwini munda, mbewu yowonongeka ndi kukula kwa malowo, ndipo kalata ipite ku ofesi ya nyama zakutchire kudzera kwa mfumu ndi mlangizi, chifukwa dandaulo lapakamwa limathera panjira. Nthambi imeneyi ili ndi asilikali omwe lamulo limawalola kuthana ndi nyama zovutitsa. Phunziro la ku Missouri likugwiranso ntchito pano: mlimi mmodzi akamathamangitsa nguluwe yekha amangozikankhira m'munda wa mnzake. Minda yoyandikana ikamalonderedwa mosinthana, ngalande yakuya ikakumbidwa mbali ya kunkhalango, tchire la m'malire likalambulidwa, ndipo mbatata ndi chinangwa zikabzalidwa kufupi ndi mudzi, nguluwe imapeza ntchito yaikulu kuposa chakudya chomwe ikufuna.

Kwa alangizi a zaumoyo ndi amayi a m'magulu a kadyedwe, uthenga woti mupite nawo ndi waufupi ndipo sufuna ndalama. Ngati pakhomo pafika nyama yophedwa ndi mfuti, ngakhale yobwera mwalamulo, nyama yonse yozungulira bala, yofiira magazi kapena ya mafupa osweka, idulidwe mowolowa manja n'kukwiriridwa pakuya pomwe galu sangafukule. Nyama yotere isapatsidwe kwa mayi woyembekezera, woyamwitsa kapena mwana wamng'ono. Poto kapena chitini chomwe chinasungunulidwirapo mtovu chisabwererenso kukhitchini, ngakhale chitakwechedwa ndi mchenga mpaka kuwala. Batire yakutha isaswedwe pakhomo. Isungidwe yosabooka, pamalo ouma pomwe ana safikapo, kufikira itabwezedwa kwa ogulitsa mabatire kapena kwa ogula omwe ali ndi chilolezo.