Kambale ka pamsonkhano: m'mene magulu a oleka mowa alipirira ncito yao

Pamene boma la America linaimitsa thandizo lake ku maiko akunja mu January 2025, mabungwe ambiri a zaumoyo muno mu Africa, kuphatikizapo Zambia, anacepetsa ancito ndipo ena anatseka maofesi. Koma gulu la Alcoholics Anonymous, kapena kuti AA, la anthu othandizana kuleka mowa, nkhaniyi siinalikhudze m'thumba, cifukwa sililandira ndalama kwa aliyense amene si membala, kaya ndi boma, chalichi kapena munthu wolemera.

Poyamba sizinali tero. Bill Wilson ndi Dr Bob Smith atayambitsa gululi mumzinda wa Akron ku America mu 1935, analingalira zomanga zipatala ndi kulemba ncito anthu olalika uthenga wao. Anapita kukapempha kwa mpondamatiki John D. Rockefeller Jr. Mu 1938 panabwera ganizo lakuti awapatse madola 50,000, koma iye anapereka 5,000 cabe, poopa kuti ndalama zambiri zingaononge ncitoyo. Oyambitsawo anakhumudwa, koma patapita zaka anavomera kuti mkuluyo anaona patali. Mu 1950, pamsonkhano waukulu wa ku Cleveland, gululi linakhazikitsa miyambo khumi ndi iwiri, ndipo wacisanu ndi ciwiri ndiwo ulamula gulu lililonse kudzidalira. Gulu la Narcotics Anonymous, la osiya mankhwala osokoneza bongo, limene linayamba ku California mu 1953, linatengera mwambo womwewo.

Nanga ndalama zicokera kuti? Pamsonkhano uliwonse pamayenda kambale kapena kadengu. Palibe msonkho wa umembala, ndipo amene alibe kanthu amangopatsira mnzake kambaleko popanda womufunsa. Msungi wa cuma amalipira lendi ya cipinda, tiyi ndi mabuku, nasungako pang'ono zodzathandiza pa tsiku la mavuto. Zotsala zimapita ku ofesi ya magulu a m'deralo ndi ku likulu. Ndalama zimenezi ndizo zilipirira foni imene munthu wothedwa nzeru angaimbe usiku, mapepala oonetsa malo a misonkhano, ndi mabuku amene mamembala amanyamula pokaceza kuzipatala ndi kundende. Opita kumeneko salipidwa. Ngakhale chalichi itapereka cipinda mwaulere, magulu ambiri amaumirira kulipira kangacepe, ndipo likulu la ku New York linaika malire pa ndalama zimene membala mmodzi angapereke pacaka, kuti wolemera asagule mau.

Ubwino wake uoneka bwino masiku ano. Bungwe lodalira opereka thandizo limavina nyimbo ya mwini ng'oma: limalemba malipoti, limawerenga mitu ya anthu, ndipo pulojekiti ikatha ncito imatha. Gulu la AA silifunika kupereka maina a mamembala kwa wina aliyense, cinthu cofunika kwambiri kwa munthu woopa kuti abwana ake kapena apongozi angamve.

Komabe tisabise cofooka cake. Munthu amafika pamsonkhano woyamba mowa utamudyera kale malipiro, mwina ndi ncito yomwe. Kumadera a anthu osauka, kumene vuto ndi lalikulu, kambale kamabwerera kopepuka, motero uthenga umafika mocedwa kumene ufunika msanga. Kumasulira ndi kusindikiza mabuku m'zinenero zina kumafuna ndalama zoposa mphamvu ya kagulu kamodzi, n'cifukwa cake magulu a maiko olemera amasonkha ku thumba lothandiza pa ncito imeneyi. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka zipinda, misonkhano inasamukira pa Zoom ndipo magulu anayamba kusonkha kudzera pafoni, zimene zinasiya kumbuyo opanda intaneti.

Kwa ife kuno, ngozi ili pakuti akuluakulu angaone magulu otere ngati njira yocipa yothawira udindo. Kambale kangagule tiyi ndi mabuku, koma sikangalipire dokotala. Munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka zambiri akaleka mwadzidzidzi angagwe khunyu, ngakhale kufa, ndipo afunika bedi ndi mankhwala pa cipatala conga Chainama mu Lusaka. Bilu imeneyo ndi ya Unduna wa Zaumoyo.