BMW ya salaula, Benz kapena Mark X: ni iti imene thumba lanu lingakwanitse?

Mkangano wa pa kawashi sukutha. Pitani pa kawashi iliyonse mu Kabwata pa Chiwelu m'mawa, mupeza anyamata agawikana patatu. Ena ati BMW, ena ati Benz, ena ati "Mark X chabe mudala, vinangu ni vosobelesa." Kale mkangano uyu unali wa anthu olota, koma manje zinthu zasintha. Mnyamata wa nchito m'boma kapena ku banki akatsegula BE FORWARD kapena SBT pa foni, aona kuti BMW 5 Series ya 2012 mtengo wake suli patali ndi wa Mark X ya chaka chimodzimodzi. Motoka imene ili nyowani inali ya mabwana a ku Kabulonga, lelo ioneka ngati ingakwane mu loni ya pa peyisilipu.

Funso loyamba n'lakuti, n'chifukwa chiyani yatchipa tele? Ku Japan motoka imapimidwa ikakwanitsa zaka 3, kuchoka apo zaka 2 zilizonse, ndipo msonkho wa motoka ya petulo umakwela ikapitilila zaka 13. Kukonzetsa motoka ya ku Germany kumeneko n'kodula maningi. Mwini wake akaona kuti nchito zazikulu zayandikila, amaigulitsa. Nchito zimene anathawa uja sizitsala ku Japan. Zikwela nayo sitima mpaka Dar es Salaam, zilowa nayo pa Nakonde, ziyenda nayo makilomita pafupifupi 1,000 mpaka pa geti yanu ku Chelstone.

Koma tisaipondeleze BMW, ulemu wake tiupeleke. 5 Series imene amaitcha F10, yopangidwa kuyambila 2010 mpaka 2017, ni motoka yokoma kuyendetsa. Giya yake ili ndi masitepe 8 ndipo isintha osamva n'komwe, pamene ya Mark X ili ndi 6. Ya 535i ili ndi injini ya malita 3 ya turbo, mahosipawa 306, ndipo ifika pa 100 m'masekondi pafupifupi 6. Mukapitilila geti ya Shimabala kupita ku Kafue n'kuponda pang'ono, imakhala phee pa tala, mkati muli zii, mungakambe ndi amayi a kunyumba osakweza mawu. Pa makona a Leopards Hill Road siipendama. Amene akuti Mark X iyenda chimodzimodzi sanayendetsepo zonse ziwili. Benz E-Class ya W212, ya zaka za 2009 mpaka 2016, ilibe ukali wa BMW pa makona, koma ni yofewa, ndipo ili ndi chinthu chimene injini singapatse: ikaima pa chilanga mulilo kapena pa ukwati, achibale a mkazi amayamba kukuitanani kuti abwana musanatsike.

Chenjelani chabe ndi manambala a kumbuyo kwa buti. BMW zambili zimene zichokela ku Japan ni 523i, ndipo 523i ya kumapeto kwa 2011 kupita kutsogolo ili ndi injini ya malita 2, masilinda 4, mahosipawa 184. Mark X 250G ya kuyambila 2009 ili ndi V6 ya mahosipawa 203. E250 CGI ili ndi 204. Ndiye amene wagula 523i kuti azisiya anzake pa maloboti a Manda Hill, wagula chikwangwani. Ngati nkhani ni mphamvu, Mark X ya malita 3.5 ili ndi 318, kuposa ngakhale 535i ija.

Nanga mphamvu zonsezo muzisewenzetsa kuti? Munthu wa ku Chelstone wopita ku nchito m'tauni amalowa mu Great East Road m'mawa, n'kuyamba kukwawa kuchokela pa Munali, Arcades, Manda Hill, mpaka pa Kabwe Roundabout. Mafulayi ova anathandizako, zoona, koma jamu inangosamukila patsogolo. Mu jamu mahosipawa 306 ndi a Vitz ni amodzi, kusiyana n'kwakuti inu mukuwadyetsa. Thanki ya F10 ni ya malita 70, ya Mark X nayonso ili pamenepo, ndipo kuyambila 2022 a ERB amalengeza mtengo wa mafuta mwezi ndi mwezi. Chulukitsani 70 ndi mtengo wa mwezi uno, muone ngati mufunabe kukazungulila ku Woodlands madzulo popanda chifukwa. Chinanso, injini za BMW ndi Benz, ngakhale Mark X yoyamba ya 2004 mpaka 2009, ku Japan zinali kumwa petulo ya okiteni yapamwamba. Kuno pa filing'i pali petulo imodzi, ya aliyense. Mark X 250G ya kuyambila 2009 inapangidwa kuti izimwa petulo wamba, ndipo ichi n'chifukwa chimodzi chimene ndimaikondela.

Tibwele ku mseu. F10 ili pamwamba pa nthaka ndi masentimita 14 chabe, Mark X ili ndi 15 ndi theka. Kusiyana kuoneka kochepa mpaka mutanyamula anthu anayi n'kufika pa mahampu a mu Kabwata, kapena tumiseu twa mkati mwa Chelstone tumene tala anatha kale. Choipa kwambili ni matayala. BMW imabwela ndi matayala a run-flat, olimba m'mbali, ndipo mu buti mulibe tayala ya speya. Dzenje limodzi la mu Januwale, lobisika m'madzi, litupitsa tayala kapena kupinda limu. Mnyamata wa matayala wa m'mbali mwa mseu angayese, koma saizi imeneyo alibe. Ambili amachotsa ma run-flat n'kuika matayala wamba, ndipo motoka imafewa ndithu, koma kumbukilani kugula speya ndi jeki, apo ayi mudzagona pa Chongwe. Mvula ikagwa, madzi akadzala ku Kamwala kapena mu Lumumba Road, osayesa kuwoloka chifukwa minibasi yawoloka. Batile ya BMW ili mu buti, pamodzi ndi mafyuzi ndi tumakompyuta, ndipo madzi akalowa mmenemo dashibodi iyamba kukamba zinthu zimene simunamvepo.

Apa ndiye pali mtima wa nkhani. Motoka iliyonse ya zaka zoposa 10 idzaonongeka, ya Japan kapena ya Germany. Funso limene sitifunsa pa kawashi n'lakuti, ikaonongeka pa Chiwili, ibwelela liti pa mseu?

Matenda a motoka izi ni odziwika, si zamatsenga. Injini ya BMW ya masilinda 6 ili ndi pampu ya madzi ya magetsi imene imafa mwadzidzidzi, osachenjeza, ndipo mukaumilila kuti mufike kunyumba mwaphika injini. Imadonthanso oilo pa chivundikilo cha pamwamba ndi pamene pakhala fyuluta. Injini ya masilinda 4 ya turbo, ya N20, m'zaka zake zoyamba inatchuka ndi mapulasitiki ogwila timing chain amene amasweka. Benz E250 CGI nayonso ili ndi vuto la tcheni, mudzamva kaphokoso m'mawa poiliza. E-Class yakale ya W211, ya 2002 mpaka 2006, ili ndi mabuleki a magetsi a SBC amene pampu yake ikatopa mtengo wake umaumitsa m'kamwa, ndipo zimene zili ndi Airmatic mungadzuke m'mawa n'kupeza zagwada ngati ng'ombe. Ngakhale zinthu zazing'ono zifuna ndalama. Injini ya 535i imamwa malita 6 ndi theka a oilo ya synthetic, osati ija yopima m'botolo. Batile yatsopano ifunika kulembetsedwa mu kompyuta ya motoka. Makanika wa pansi pa mtengo amene anakusungilani Corolla zaka zonsezi, popanda mashini yowelengela, angoyamba kusintha zinthu mwa kaya.

Toyota nayo si mngelo. Injini ya 4GR imaunjika kaboni mkati, ena amadandaula kuti imadya oilo, pampu ya madzi imadontha, ndipo dashibodi ya Mark X yoyamba imang'ambika ndi kumata ndi dzuwa lathu la Okutobala. Koma injini imodzimodziyo ili mu Mark X, mu Crown ndi mu Lexus IS250, ndipo motoka izi zadzala mu Lusaka. Yendani m'mashopu a maspeya mu Freedom Way, Chachacha Road kapena Lumumba Road, mupeza chimene mufuna, chatsopano kapena chochotsa pa ina, tsiku lomwelo. Amakanika oidziwa ali m'komboni iliyonse. Za BMW ndi Benz, mafyuluta ndi mapadi a mabuleki mungapeze, koma chinthu chachikulu nthawi zambili amati "tizaitanisa ku Joburg, bwana," kapena ku Dubai, kapena ku UK. Mtengo uli mu landi kapena mu dola, ndipo tonse tikumbuka mmene dola inapitilila K25 mu 2024. Podikila, motoka ili pa mabuloko ku galaji, inu muli mu minibasi ya ku Chelstone ndi makiyi a BMW m'thumba, ndipo banki ikudula loni yake osaphonya. Apa m'pamene ena amathamangila ku kaloba. Simungaiike n'komwe pa Yango kuti izibweza ndalama, chifukwa mafuta a ulendo umodzi adya zonse zimene kasitomala walipila.

Pali ena amene amati yankho ni 520d ya dizilo yochokela ku UK, chifukwa siimwa kwambili. Pa ulendo wa ku Kitwe kapena ku Livingstone n'zoona. Koma injini ya N47 ili ndi tcheni kumbuyo kwa injini, ndipo kuti aisinthe afunika kutsitsa giyabokosi kapena injini yonse. Fyuluta yake ya utsi imafuna ulendo wautali kuti idziyeletse, ndiye jamu ya Cairo Road tsiku ndi tsiku imaitseka. Onaninso pansi pake, mchele umene amawaza m'miseu ya ku UK nthawi yozizila umasiya dzimbili.

Tsiku logulitsa nalonso lidzafika, mwana akafuna ndalama ya ku koleji kapena puloti ikapezeka. Mark X yosamalidwa bwino mukaiika pa Facebook, mafoni ayamba tsiku lomwelo. BMW ya zaka 13 anthu aikonda ndi maso, afunsa mtengo, ajambulitsa nayo, kenako ati "nizakutumilani foni."

Ine ndiona tele. Ngati iyi ndiyo idzakhala motoka yanu imodzi, yopelekela ana ku sukulu ndi kupita ku nchito, ndipo ndalama yake ni ya loni, tengani Mark X 250G ya kuyambila 2009. Ngati mufuna ulemu wa Benz pa mtengo wa maspeya a Toyota, Crown Athlete ilipo, ndipo anyamata ambili amaipitilila chifukwa amati ni ya madala. Asiyeni, ni mwayi wanu. Injini ya 2,499 cc ikuthandizaninso kwa a ZRA, amene amayang'ana zaka za motoka ndi kukula kwa injini. Koma ngati panyumba pali kale kamotoka kena, muli ndi ndalama yapadela imene simuikhudza, ndipo mwapeza makanika wa mashini musanapeze motoka, gulani BMW yanu, mudzasangalala nayo. Funani 528i ya 2010 kapena kuchiyambi kwa 2011, ya masilinda 6 yopanda turbo, mahosipawa 258.

Ngati mugula imene ili kale mu Lusaka, pitani m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa wogulitsa wochenjela amaitenthetsa kuti tcheni isamveke. Itanani makanika wanu, osati wa wogulitsa, aike mashini, ndipo mukatha kuyendako makilomita angapo aikenso kachiwili, popeza zolakwa zofufutidwa dzulo zimabwelanso. Kwezani kapeti ya mu buti mukhudze pansi ngati pali chinyontho. Ndipo buku la motoka mukalitsimikizile ku RTSA ngwee isanachoke m'manja mwanu.