Kompyuta yakaunjika si ngolo yosenza chilichonse

Fodya ndi mtedza zikagulitsidwa, makolo ena a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma amakwera minibasi kupita mumzinda wa Lilongwe kukagulira mwana wawo kompyuta yakaunjika. Cholinga chimakhala chabwino: mnyamata amene wangokhala pakhomo atalemba mayeso a Fomu 4 atsegule kashopu kotaipa makalata ndi kuthira nyimbo m'mafoni.

Koma mwezi usanathe pamabuka mkangano. Makina akungoima, makasitomala akubwerera, bambo akuti mwana waononga ndalama. Kawirikawiri mwanayo amakhala alibe mlandu. Wangosenzetsa makinawo ntchito zinayi pakamodzi: nyimbo zikulira, filimu ikukopedwa, kalata ikusindikizidwa, kwinaku akusewera gemu.

Vutoli lidayamba kale. Kampani ya IBM itatulutsa kompyuta yake ya padesiki mu 1981, pulogalamu yoyendetsa makinawo, yotchedwa DOS, inkagwira ntchito imodzi basi. Wofuna kuwerengetsa ndalama ankayamba watseka kalata imene amalemba.

Windows 3.0 ya mu 1990 inkalola mapulogalamu angapo kutsegulidwa, koma zinkayenda ngati pamjigo popanda woyang'anira. Aliyense ankatunga mpaka atafuna yekha kupatsa mnzake mpata. Mmodzi akakakamira, mzere wonse unkaima.

Pofika 1995, Windows 95 idabweretsa woyang'anira uja: pulogalamu iliyonse yatsopano imapatsidwa kanthawi kochepa kwambiri, kenaka n'kuchotsedwa kuti ina ilowe. Kusinthanako kumachitika mothamanga moti munthu amaona ngati zonse zikuchitikira limodzi, chonsecho mjigo ndi umodzi. Chodabwitsa n'chakuti kompyuta ya Amiga inkachita kale zimenezi mu 1985 ndi memory ya 256KB yokha, imene lero singakwane chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni yabwino.

Choncho zakuti makina akale sangagwire ntchito ziwiri pakamodzi si zoona. Amatha, bola katundu alingane ndi malo. Memory ili ngati tebulo losankhirapo fodya. Likachepa, wosankha amangoyendayenda kukasiya mitolo mushedi ndi kukaitenganso, ntchito osayenda. Kompyuta nayo ikasowa malo imatutira zinthu ku hard disk, ndipo apo m'pomwe imayamba kukwawa.

Amene ankaotcha ma CD zaka za m'ma 2000 amakumbukira phunziro lowawa. Pamakina ambiri akale, kutsegula pulogalamu ina CD ili mkati moiotcha kunali kuitaya, pamodzi ndi ndalama yogulira.

Mlandu waukulu uli kwa ogulitsa amene amaika mapulogalamu atsopano m'makina okalamba n'kuonetsa wogula sikirini yowala. Windows XP ya mu 2001 inkayenda ndi memory ya 128MB. Windows 11 imafuna 4GB, kuposa kuchulukitsa ka 30. Kuika katundu wotere pamakina a zaka 15 ndi kumanga mabelo a lole pangolo ya abulu.

Ena amati kaunjika asagulidwe n'komwe. Amenewo sakudziwa mtengo wa kompyuta yatsopano poyerekeza ndi zimene mlimi wa ku Mpingu kapena Namitete amapeza pachaka. Makina akale amataipa ndi kusindikiza bwinobwino.

Kholo lisanapereke ndalama lifunse kuti memory ndi yochuluka bwanji, ndiponso ngati ingaonjezeredwe. Wogulitsa atsegule pomwepo mapulogalamu atatu amene mwanayo azikagwiritsa ntchito kushopu, onse pakamodzi. Akayamba kuzemba, mashopu ena alipo mumsewu womwewo.