ZA NTCHITO ZA MANJA: Chikwama Choima Chokha

Mwezi uno tikambirane za zikwama za nsalu. Chiletsereni Boma majumbo opyapyala m'chaka cha 2015, lamulo lomwe Bwalo Lalikulu la Apilo lidalitsimikiza mu 2019, amayi ndi achinyamata ambiri a ku Area 24 ayamba kusoka zikwama za chitenje ndi kukazigulitsa pa msika wa Ngwenya. Kwa ena, ndalama ya sopo ndi ya fizi ya ana ikuchokera m'menemo.

Koma taona chinthu chomvetsa chisoni. Chikwama chimakongola tsiku logula, koma akangochichapa kamodzi chimafooka ngati masamba ofota. Wogula sabweranso, ndipo amauzako anzake. Cholakwa kaŵirikaŵiri si msoko ayi, koma cholimbitsira chimene tidabisa m'kati.

Tisanasankhe cholimbitsira, tidzifunse mafunso aŵiri: kodi chikwamachi chidzanyamula chiyani, nanga chidzachapidwa kangati?

Katoni ndiyo imanyenga ambiri, pakuti imapezeka ulere ndipo imaimika chikwama bwino. Tsoka ilo, mvula ya mu Januwale ikangoikhudza imasanduka phala. Sitachi nayo, ngakhale ya chinangwa, imatha ndi kuchapa koyamba. Ziŵirizi tizipewe.

Pa tizikwama ting'onoting'ono ta kutchalitchi kapena ku ukwati, nsalu yomata ija atelala amaika m'makolala, yotchedwa Vilene, ndi yokwanira. Mbali yake imodzi, yokhakhala, ili ndi guluu amene amasungunuka ndi moto wa simbi. Poyamba tichape chitenje, chifukwa chatsopano chimakhala ndi sitachi yoletsa guluu kugwira, komanso thonje limafupika likanyowa. Kenaka tiyale mbali ya guluu kuseri kwa chitenje, tiphimbe ndi kansalu konyowa pang'ono, ndi kupanikiza simbi malo amodzi kwa masekondi 10 mpaka 15. Tisaiyendetse monga tichitira posita malaya. Tiziinyamula ndi kuikanso. Nsalu izizire tisanaigwire.

Chikwama cha kumsika kapena cha mabuku a mwana chimafuna mphamvu yoposa pamenepo. Apa jinzi yakale ya pa kaunjika, kapena nsalu yokhuthala ya tenti, imagwira ntchito yotamandika, ndipo imachapika kambirimbiri. Singano ikhale yaikulu, nambala 16 kapena 18, kuopa kuthyoka. Thumba la ufa lochapa bwino limathandizanso, koma lisayandikire simbi yotentha, pakuti limasungunuka. La feteleza lisaloŵe m'chikwama chonyamulira ndiwo. Siponji yopyapyala ndi yoyenera pa chikwama cha foni kapena magalasi: imateteza, koma siilimbitsa.

Pansi pa chikwama ndi pamene katundu yense amatsamira. Tidule kapulasitiki kosalala ku chigubu chakale cha mafuta ophikira, tizungulize ngodya zake kuti zisaboole nsalu, ndipo tikasokere kathumba kake kotseguka mbali imodzi. Potero mwini chikwama adzakatulutsa pochapa ndi kukabwezeramo pambuyo pake.

Tikumbukirenso kudula cholimbitsira chocheperako ndi sentimita imodzi m'mbali zonse, kuti misoko isakhuthale. Pamene zogwirira zikumana ndi chikwama tiikepo kachigamba m'kati ndi kusoka mopingasa kaŵiri, pakuti ndi pomwe chikwama chimayambira kung'ambika.

Inu achinyamata, musafulumire kugulitsa. Sokani chimodzi, ikanimo makilogalamu 5 a ufa, yendani nacho sabata yathunthu, ndipo muchichape. Chikaima chokha, pitani nacho kumsika mopanda manyazi. Inunso makolo, musataye mabuluku akale ndi zigubu. Apatseni ana ayeserepo.

Wogula saona zimene tabisa pakati pa nsalu ziŵiri, koma mvula idzamuonetsa. Mwezi wa maŵa tidzakambirana za kaikidwe ka zipi.